Kuyerekeza njira zinayi zowerengera kulemera kwa ma quark amene sanapezekebe

Wophunzira fizikisi wa kuno ku Mzuzu, kaya ali m'chaka chomaliza pa yunivesite ku Luwinga kaya ndi mphunzitsi wa kusekondale amene akukonzekera digiri yachiwiri, akhoza kugwira ntchito yooneka pa funso lakuti kodi pali quark (mtundu wa tinthu ting'onoting'ono timene timapanga mapulotoni) ina yolemera kuposa imene tikuidziwa, ndipo ngati ilipo ikulemera bwanji. Funsoli silifuna labotale, limafuna masamu, kompyuta ndi kuleza mtima. Pamene pagona vuto ndi posankha njira, chifukwa njira zimene akatswiri amagwiritsa ntchito sizipereka yankho la mtundu umodzi. Ina imatulutsa nambala imodzi yeniyeni, ina imasonyeza mpata umene kulemerako kungagweremo, ina imaika denga, ndipo ina imangonena kuti pansi pa apa palibe kanthu. Amene wasankha asanadziwe mtundu wa yankho limene akufuna amadzazindikira mochedwa, mapepala atatsala pang'ono kupita kwa supavaiza.

Zoyenera kudziwa musanasankhe

Ma quark odziwika alipo 6, ndipo amakhala awiriawiri m'mibadwo itatu. Kulemera kwawo amakuyeza mu GeV, muyeso umene pulotoni imodzi imafika 0.938. Up ili pafupi ndi 0.002, down 0.005, strange 0.093, charm 1.27, bottom 4.18, pamene top, imene magulu a CDF ndi D0 anaipeza ku labotale ya Fermilab ku America mu 1995, ili pafupi ndi 173. Chiphunzitso chachikulu cha tinthu timeneti, chotchedwa Standard Model, sichifotokoza chifukwa chake manambalawa anatalikirana chonchi. Chimangonena kuti kulemera kwa quark kumapezeka pochulukitsa 174 GeV ndi nambala yotchedwa y, imene imasonyeza mphamvu ya kugwirana kwa quark ndi Higgs, chinthu chimene chimapatsa tinthuti kulemera. Pa top, y ndi pafupifupi 1, ndipo pa ma quark enawo ndi kanambala kakang'ono.

Ma quark ongoganiziridwa ali mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake ndi kumene kumalamula zonse zotsatira. Mtundu woyamba ndi wa m'badwo wachinayi, t' ndi b', amene ndi ofanana ndi top ndi bottom m'zonse kupatula kulemera, ndipo nawonso kulemera kwawo amakutenga kwa Higgs. Mtundu wachiwiri ndi wa ma quark otchedwa vector-like, amene mbali yawo yamanzere ndi yamanja zimamva mphamvu yofooka mofanana, motero akhoza kukhala ndi kulemera kwawokwawo kosadalira Higgs. Njira imene imagwira bwino mtundu woyamba kawirikawiri imaterereka pa wachiwiri.

Njira iliyonse ndaiyeza pa zinthu zinayi. Mtengo ndi ndalama, bandulo ya intaneti, nthawi komanso kuya kwa masamu ofunika. Kupezeka ndi funso lakuti kodi zida zake munthu angazipeze ali ku Chibavi kapena ku Katoto popanda kudikira thandizo lochokera kunja. Kusamalira ndi ntchito yobwerezabwereza imene imafunika kuti zotsatira zisatheretu ntchito pakabwera miyeso yatsopano. Zoopsa ndi malo amene njirayo imanamiza mwini wake. Pamwamba pa izi pali mayeso amodzi achilungamo amene mbiri inatisiyira, akuti kodi njirayo inachita bwanji pa top zaka za m'mbuyo mwa 1995, pamene top nayonso inali yongoganiziridwa.

Njira yoyamba: kutsata kayendedwe ka manambala

Apa munthu amayang'ana kulemera kodziwika, n'kufunafuna lamulo lobisika m'manambalawo, kenaka n'kulipitiriza sitepe imodzi kutsogolo. Chitsanzo cholemekezeka kwambiri ndi fomula ya Yoshio Koide ya kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980. Mukaphatikiza kulemera kwa elekitironi ndi abale ake olemera, muon ndi tau, n'kugawa ndi sikweya ya chiphatikizo cha masikweya ruti awo, mumapeza 2/3. Fomulayi inalosera kuti tau ili pafupi ndi 1777 MeV (1 GeV ndi 1,000 MeV), ndipo miyeso ya pambuyo pake inagwirizana nayo. Mukaika charm, bottom ndi top m'fomula yomweyo mumapeza pafupifupi 0.669, zimene zimachititsa ambiri kuiona ngati ili ndi chinsinsi.

Mtengo. Palibe chimene mungawononge kupatula pepala ndi kakyuleta, ndipo masamu ake saposa a Fomu 4.

Kupezeka kwake. Manambala onse ali m'buku la Particle Data Group, limene limapezeka mwaulere pa intaneti ndipo tsamba la ma quark limatsegulika ngakhale pa foni.

Kusamalira. Ndi kochepa, kungosintha manambala buku latsopano likatuluka, zimene zimachitika pa zaka ziwiri zilizonse.

Zoopsa zake. Apa ndi pamene kutchipa kuja kumabwezera. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anthu anaona kuti phi, yopangidwa ndi strange, ili pa 1.02 GeV, J/psi ya charm pa 3.1, ndipo Upsilon ya bottom, imene gulu la Leon Lederman linaipeza mu 1977, pa 9.5. Sitepe iliyonse inali kuchulukitsa katatu, choncho ambiri anayembekezera kuti yotsatira idzakhala cha pa 30 GeV, kutanthauza top ya pafupifupi 15 GeV, popeza kanthu kalikonse kotere kamakhala ndi quark ndi antiquark yake, zolemera mofanana. Makina a PETRA ku Hamburg anafufuza osaipeza, a TRISTAN ku Japan anakwera kupitirira apo osaipezanso, ndipo top itapezeka inali yolemera kuposa ulosiwo maulendo oposa 10. Yesani nokha lero muone. Kuchokera pa charm kufika pa top ndi kuchulukitsa pafupifupi ka 136, ndiye mukapitiriza mupeza t' ya 23,000 GeV ndi kupitirira, imene y wake angakhale woposa 130, nambala imene masamu a chiphunzitsochi sangainyamule. Kuchokera pa strange kufika pa bottom ndi ka 45, zimene zikupereka b' ya pafupifupi 190 GeV, malo amene anafufuzidwa kalekale n'kupezeka opanda kanthu. Palinso msampha wina umene oyamba kumene sauona. Kulemera kwa quark kumasintha malinga ndi mphamvu imene mukukuyezera, moti bottom ya 4.18 imatsika kufika pansi pa 3 GeV mukaiyezera pa mphamvu yofanana ndi kulemera kwa Z, kanthu konyamula mphamvu yofooka, ndipo top ili ndi manambala awiri, 173 ndi pafupifupi 163, kutengera tanthauzo la kulemera limene mwasankha. Lamulo limene limaoneka pa manambala oyezedwa pa mphamvu zosiyana likhoza kusungunuka mukawabweretsa onse pamalo amodzi, ndiye aliyense wotenga njirayi ayambe wawasamutsa ndi pulogalamu yonga RunDec asanayambe kukondwa.

Njira yachiwiri: kuwerengera kuchokera ku miyeso yosamalitsa

Quark yolemera kwambiri moti makina sangaipange imasiyabe chizindikiro, chifukwa imaonekera kwa kanthawi kosawerengeka m'kati mwa zochitika zina n'kusuntha pang'ono manambala amene timayeza, monga kulemera kwa Z ndi kwa W, mnzake wonyamulanso mphamvu yofooka. Zili ngati thumba lomangidwa pa kabaza: simukuona za m'katimo, koma mukayang'ana mmene tayala lakumbuyo laphwanthira mukhoza kunena ngati muli makala kapena chimanga. Njirayi ili ndi mbiri yabwino kuposa zonse. Mu 1974 Mary Gaillard ndi Benjamin Lee anagwiritsa ntchito khalidwe la ma kaon, tinthu tokhala ndi strange, powerengera kuti charm ili cha pa 1.5 GeV, J/psi isanapezeke mu Novembala chaka chomwecho. Mu 1987 gulu la ARGUS ku Hamburg linaona kuti ma B meson, tinthu tokhala ndi bottom, akusinthana ndi ma antiparticle awo mofulumira kuposa mmene ankayembekezera, ndipo izi zinasonyeza kuti top iyenera kuposa 50 GeV. Martinus Veltman anali atasonyeza kale mu 1977 kuti kusiyana kwa kulemera pakati pa ma quark awiri a m'badwo umodzi kumasuntha nambala yotchedwa rho molingana ndi sikweya ya kulemerako. Pa top kusunthako ndi kochepera pang'ono 1 peresenti. Pofika 1994 miyeso ya makina a LEP ku labotale ya CERN ku Geneva inali ikuloza pakati pa 170 ndi 180 GeV, ndipo mu 1995 CDF inalengeza 176.

Pa ma quark atsopano anthu amagwiritsa ntchito manambala a S ndi T, oyeza mmene tinthu tatsopano timasunthira miyesoyi, amene Michael Peskin ndi Tatsu Takeuchi anawakhazikitsa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. M'badwo wachinayi wathunthu umene anzawo awiriawiri akulemera mofanana umawonjezera pafupifupi 0.21 pa S, zimene miyeso imakana, koma mu 2007 Graham Kribs ndi anzake anasonyeza kuti t' ikalemera kuposa b' ndi pafupifupi 50 GeV zinthu zimagwirizananso. Chimene chinadzatseka khomo ndi Higgs ya 125 GeV imene inalengezedwa pa 4 Julayi 2012. Higgs imapangidwa kwambiri kudzera mwa top, ndiye mukawonjezera t' ndi b' opanga amakhala atatu, ndipo popeza chiwerengero chimayenda ndi sikweya, Higgs ikanaoneka pafupifupi maulendo 9 kuposa mmene ikuonekera. Kuwonjezera kulemera sikuchotsa vutoli, chifukwa quark ikamalemera y wake amakulanso. Kuwerengera kwa mu 2012 kunakana m'badwo wachinayi wamba ndi masigma oposa 5, kutanthauza kusiyana kwakukulu moti sikungakhale kwa mwangozi.

Mtengo. Ndalama ndi zochepa, koma masamu ndi ozama. Mafomula a S ndi T analembedwa kale, ndipo kuwaika mu Python si ntchito yaikulu. Chovuta ndi kumvetsa kumene akuchokera, komanso kudziwa kugwiritsa ntchito chi-square pamene zolakwika za miyeso iwiri zili zolumikizana. Wophunzira amene sanakumanepo ndi quantum field theory ayembekezere kuti gawo lalikulu la semesita yoyamba lidzathera pa kuwerenga.

Kupezeka kwake. Mapepala onse ofunika ali pa arXiv ndi INSPIRE mwaulere, manambala a S ndi T ali m'buku la Particle Data Group, ndipo magulu a Gfitter ndi HEPfit amafalitsa zotsatira zawo poyera. Laputopu yakale ndi yokwanira, ndipo mukangotsitsa mapepalawo ntchito yotsalayo siifuna intaneti.

Kusamalira. Kumafuna tcheru, chifukwa muyeso umodzi watsopano umasuntha chithunzi chonse. Lembani pulogalamu yanu moti manambala olowa akhale pamalo amodzi osavuta kusintha.

Zoopsa zake. Mu Epulo 2022 CDF inalengeza kuti W ikulemera 80,433 MeV, kuposa kwambiri zimene Standard Model imawerengera, ndipo panatuluka mapepala ambirimbiri ofotokoza kusiyanako ndi tinthu tatsopano, kuphatikizapo ma quark a vector-like. Mu 2024 CMS, gulu lofufuza pa makina owombanitsa mapulotoni a LHC ku CERN, inapeza 80,360 MeV, mogwirizana ndi Standard Model. Amene anamanga pulojekiti yonse pa muyeso umodzi uja anatsala padzuwa. Choopsa chachiwiri ndi chakuti chizindikiro cha quark ya vector-like chimazilala pamene kulemera kwake kukukwera, choncho njirayi siikupatsani kulemera kokha, imakupatsani mzere wolumikiza kulemera ndi kusakanikirana kwa quark yatsopanoyo ndi top. Mzere umenewu ndi chotsatira chenicheni, koma amene analonjeza nambala m'pulopozo yake adzavutika kuufotokoza.

Njira yachitatu: kufunsa pamene chiphunzitso chimasweka

Njirayi siyang'ana miyeso kwenikweni, imafunsa kuti quark ingalemere mpaka pati masamu asanayambe kunena zosatheka. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 Michael Chanowitz, Miguel Furman ndi Ian Hinchliffe anasonyeza kuti ma quark otenga kulemera kwa Higgs akapitirira pang'ono 500 GeV, kuwerengera kwa kuwombana kwawo kumayamba kupereka mwayi woposa 100 peresenti. Mukhoza kuona kumene vutoli likuchokera ndi kakyuleta: 500 kugawa ndi 174 ndi pafupifupi 2.9, ndipo pa 600 GeV y amafika 3.4, pamene njira wamba yowerengera pang'onopang'ono imasiya kudalirika. Nthambi ina ya njirayi imatsata mmene y amasinthira mphamvu ikamakwera. Mu 1981 Brian Pendleton ndi Graham Ross, komanso Christopher Hill payekha, anapeza kuti y wamkulu amakokedwa kupita pa nambala imodzi posatengera kumene wayambira, ndipo kuwerengera kwa Hill kunaika quark yolemera pamwamba pa 200 GeV. Sanalase penipeni, koma pa nthawi imene ambiri ankanena 15 kapena 40, iye anali pafupi kuposa iwo. Kwa ma quark a vector-like denga lotere kulibe, ndipo chimene chimatsala ndi mfundo yotchedwa naturalness, yakuti ngati ntchito ya quark yotere, imene amaitcha mnzake wa top, ndi kuteteza Higgs kuti isalemere mopyola, ndiye asatalikire kwambiri 1 TeV, imene ndi 1,000 GeV.

Mtengo. Ndi wapakati. Ma differential equation ochepa oyendera limodzi amathetsedwa ndi SciPy m'kanthawi kochepa, ndipo ntchito yambiri ili pa pensulo.

Kupezeka kwake. Mafomula oyambira ali m'mabuku ndi pa arXiv. Pulogalamu ya PyR@TE, imene imawatulutsa yokha, imayenda pa Python. SARAH imafuna Mathematica, imene layisensi yake ndi yogula ndi ndalama zakunja. Pamene y wakula kwambiri akatswiri amagwiritsa ntchito lattice, njira yowerengera pogawa danga m'timabokosi, koma imeneyo imafuna makompyuta akuluakulu amene wophunzira sangawafikire popanda mgwirizano ndi yunivesite ina, ndiye muisiye pokhapokha supavaiza wanu ali kale ndi khomo limenelo.

Kusamalira. Mwa njira zonse iyi ndi imene imakalamba mochedwa, moti denga la zaka za m'ma 1970 lija likadali m'mapepala a lero.

Zoopsa zake. Denga si ulosi. Kunena kuti quark siingapose 500 GeV sikutanthauza kuti ilipo, ndipo kusweka kwa masamu nthawi zina kumangotanthauza kuti chida chathu chowerengera chafika pothera, osati kuti chilengedwe chakana. Naturalness ndiye yoterera koposa, chifukwa kuchuluka kwa kukonzekonze kumene munthu angavomere ndi nkhani ya kukonda kwake. Mmodzi akalola gawo limodzi pa 10, wina limodzi pa 100, adzatulutsa manambala osiyana onse ali olondola m'masamu.

Njira yachinayi: kubwereza kafukufuku wa LHC pa kompyuta

Apa mumasankha kulemera kongoyesa, n'kupanga kuwombana kwa mapulotoni m'kompyuta, kenaka n'kuona ngati magulu a pa LHC, ATLAS kapena CMS, akanachiona chinthucho. Ma quark olemera akapangidwa awiriawiri, kuchuluka kwawo kumadalira kulemera kokha chifukwa imene imawapanga ndi mphamvu yolimba, ndipo ichi ndi chimene chimachititsa malire ake kukhala odalirika. Mnzake wa top wotchedwa T (osati nambala T ya m'njira yachiwiri) amasweka kukhala W ndi bottom, Z ndi top, kapena Higgs ndi top, ndipo T yokhala payokha imagawa njirazi pafupifupi 50, 25 ndi 25 peresenti. Mu 2018 ATLAS, pophatikiza kafukufuku wake wa pa 13 TeV, inakana T iliyonse yochepera pafupifupi 1.3 TeV ngati imasweka m'njira zitatuzi zokha. Mawu akuti "zokha" ndi pamene pali mpata wa wophunzira, chifukwa T ikamaswekanso m'njira yachinayi malirewo amatsika, ndipo kuwerengera kuti atsika mpaka pati ndi ntchito yatsopano imene munthu mmodzi angaikwanitse.

Mtengo. Mapulogalamu ndi aulere, koma nthawi, magetsi ndi bandulo ndi zimene zimadya. Mudzafuna laputopu yokhala ndi Linux, memore yokwanira ndi malo ambiri pa disiki, popeza mafayilo a kuwombana amakula mofulumira.

Kupezeka kwake. MadGraph imapanga kuwombanako, Pythia imasandutsa ma quark kukhala tinthu tooneka, Delphes imayerekeza makina oonera, ndipo MadAnalysis 5 kapena CheckMATE amafananitsa zanu ndi zimene magulu akuluakulu anafalitsa. Matebulo a zotsatira ali pa HEPData ndipo ndi ang'onoang'ono. CERN Open Data ilinso yotsegula kwa aliyense, koma mafayilo ake ambiri ndi aakulu moti kuwatsitsa ndi bandulo ya pa foni ndi kutaya ndalama. Tsitsani mapulogalamu anu pa netiweki ya pasukulu ndipo deta yaiwisiyo muisiye. FeynRules imafuna Mathematica, koma mafayilo a UFO a ma quark a vector-like alipo opangidwa kale, ndiye simukakamizidwa kugula kanthu.

Kusamalira. Apa ndi pamene njirayi imatopetsa. Mapulogalamuwa amadalirana, ndipo kusintha Python kapena kompaila kukhoza kuimitsa unyolo wonse, choncho zikayamba kuyenda lembani mavesheni onse m'kope ndipo musasinthe kalikonse mpaka mutapereka pulojekiti. Magetsi akathima pakati pa ntchito yaitali zonse zimayambiranso, ndiye gawani ntchitoyo m'timagawo tating'ono, kalikonse ndi nambala yakeyake yoyambira, kuti chotayika chikhale kagawo kamodzi. Chimodzi chokha chimene Mzuzu amakuthandizani ndi kuzizira kwa Juni ndi Julayi, pamene laputopu imatha kugwira usiku wonse osatentha. Kumbukiraninso kuti LHC inayamba kuwombanitsa pa 13.6 TeV mu 2022, ndipo malire amakwera pepala latsopano likatuluka.

Zoopsa zake. Delphes imangoyerekeza makina enieni, ndiye musanakhulupirire chotsatira chanu chilichonse yambani mwabwereza nambala imene gululo linafalitsa. Ikakana kutuluka, cholakwika chili kwa inu. Njirayi imaperekanso malire a pansi okha, ndipo tizizindikiro ting'onoting'ono timanyenga ngakhale akatswiri: mu 1984 gulu la UA1 ku CERN linanena kuti likuona top cha pa 40 GeV, ndipo chizindikirocho chinadzazimirira.

Ndani atenge iti

Mphunzitsi amene akufuna kusonyeza ana a kalabu ya sayansi mmene ulosi umapangidwira ndi mmene umagwera atenge njira yoyamba pamodzi ndi nkhani ya top ya 15 GeV, koma wa chaka chomaliza asaipange mutu wa pulojekiti yonse pokhapokha cholinga chake chili kuyesa ngati lamulolo likupirira manambala atasamutsidwira pa mphamvu imodzi. Amene ali ndi semesita ziwiri, laputopu yofooka ndi intaneti yosadalirika, koma masamu amawakonda, atenge yachitatu, ndipo aiphatikize ndi nkhani ya maulendo 9 ija kuti asonyeze mmene denga la 500 GeV ndi Higgs zinatsekera m'badwo wachinayi mbali zonse. Wa digiri yachiwiri amene supavaiza wake amadziwa quantum field theory apindula kwambiri ndi yachiwiri, ndipo alembe kuyambira m'pulopozo kuti chotsatira chake chidzakhala mzere wa kulemera ndi kusakanikirana kwa quark ya vector-like. Amene dzanja lake ndi lozolowera Linux ndi Python, amene ali ndi mwayi wa netiweki ya pasukulu ndipo akulingalira zodzafunsira malo ku ICTP, likulu la kafukufuku wa fizikisi ku Trieste ku Italy, kapena ku African School of Fundamental Physics and Applications, imene inayamba mu 2010 ku Stellenbosch, atenge yachinayi, ayambire pa T ya 1.3 TeV n'kuwonjezera njira imodzi yosweka imene ATLAS sinaiwerengere. Ngati muli awiri pa pulojekiti imodzi, mmodzi atenge yachiwiri wina yachinayi pa quark yomweyo, kuti mizere yanu iwiri idzajambulidwe pa girafu imodzi.